Dzina Lakuti Maravi

Ana inu, ena mwa inu munapitako ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba umene umachitika kumapeto kwa mwezi wa Ogasiti. Munaona mafumu a m'Zambia muno, a ku Malaŵi ndi a ku Mozambique akupereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Kodi munadzifunsa kuti nchifukwa ninji anthu a maiko atatu amalambira mfumu imodzi? Yankho lake lili m'dzina limodzi lakale, ndilo Maravi.

Tayambani mwalitchula pang'onopang'ono. Makolo athu sankati "Maravi" ai. Iwo ankati "Malaŵi". Apwitikizi amene ankachita malonda ku Tete, pamtsinje wa Zambezi, ndiwo analemba r pamene ife timatchula l, nalemba v pamene pali ŵ, popeza kamvekedwe kofeŵaka mulibe m'chinenero chawo. Motero dzina lathu lomwe linabwerera kwa ife litavala zachilendo.

Tsono malaŵi, monga mudziŵa, ndi malilime a moto. Koma moto wake uti? Apa akuluakulu amasiyana. Ena amati a mtundu wa Phiri, atachoka ku Uluba m'dziko la Congo, anaona nyanja ikunyezimira ndi dzuŵa la m'mamaŵa ngati yayaka. Ena amati ndi moto wa ng'anjo zosungunulira chitsulo umene unkaŵala usiku, pamene enanso amangoti ndi lupsa. Ine mtima wanga uli pa ng'anjo, pakuti makasu osulidwa ndi Amaravi anatchuka kutali.

Dzinali silinali la mudzi umodzi. Linali la anthu pamodzi ndi dziko lawo, kuyambira kunyanja kufikira ku Luangwa ndi ku Zambezi. Kalonga anakhala ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka. Undi anapatuka nakamanga ku Mano, m'chigawo cha Tete. Malire amene atsamunda anayamba kulemba mu 1891 ndiwo anadula dzikolo patatu. Koma dzina silinafe. Ngakhale pamapu akale a ku France panalembedwa "Lac Maravi", ndipo pa 6 Julayi 1964 dziko la Nyasaland linalitenga kukhala lake.

Aphunzitsi, pachikani mapu pabolodi, muphimbe malire a maiko ndi timapepala. Ana aloze Katete, Sinda, Vubwi, Dedza ndi Tete. Poŵeruka muwatume akafunse agogo awo kuti iwo anamva za moto uti, ndipo maŵa adzakufotokozereni.