Kaundula wa Makompyuta: Mwambo Umene Unacedwa Kulembedwa

Mlembi wa kalabu ya alimi amasunga buku lolembamo matumba a feteleza amene alowa ndi amene atuluka. Makina a kompyuta naonso ali ndi kaundula wotere, ndipo amadzilembera okha usana ndi usiku. Pa Cingerezi amamucha log. Mzere uli wonse umanena nthawi, dzina la makina ndi cimene cacitika. Ndalama zotumizidwa pa lamya zikasokera, akatswiri amathamangira m'kaundula ameneyu kukafuna mapazi ace.

Phindu lace linaoneka poyera m'caka ca 1986. Bambo Clifford Stoll, a ku Lawrence Berkeley Laboratory ku America, anapeza kuti masenti 75 okha sanali kugwirizana m'mabuku a makina. Ena akadangonyozera. Iwo analondola zolembedwazo kwa miyezi yambiri, kufikira anatulukira mbala ya ku Hannover, ku West Germany, imene inali kulowa m'makina a eni ace ndi kugulitsa zinsinsi kwa azondi a KGB.

Koma kaundula athandiza pokhapo ngati mlendo angathe kumuwerenga. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980, Bambo Eric Allman a pa yunivesite ya California ku Berkeley anakonza njira yolembera yochedwa syslog. Uthenga uli wonse umapatsidwa nambala, kuyambira 0 kufikira 7. Nambala 0 ndi mfuu ya ngozi yakuti makina afa. 7 ndi manong'onong'o ofunika kwa okonza makina okha. Njirayi inafalikira dziko lonse monga mbeu yopemphana pa cinansi, koma kwa zaka pafupifupi 20 panalibe cikalata ca onse cofotokoza malamulo ace. Kampani iri yonse inali kuonera kwa inzace ndi kupotozako pang'ono, kotero kuti makina a kuno ndi a uko anali kumvana movutikira.

Tsono m'bungwe la IETF, m'mene amisiri a maiko ambiri amakambirana za intaneti modzipereka, anagwirizana zosonkhanitsa nzeruzo pamodzi. Mu August 2001 Bambo Chris Lonvick anatulutsa cikalata cochedwa RFC 3164. Sicinali kulamula munthu ai. Cinangolemba mwambo monga momwe anaupezera, ndi zilema zace zomwe. Cilema cimodzi cinali cocititsa manyazi ndithu: mzere unali kuchula mwezi, tsiku ndi ora, koma osachula caka. Mlandu wa zaka ziwiri zapitazo ukanaweruzidwa bwanji ndi umboni wotere?

Mu March 2009 Bambo Rainer Gerhards a ku Germany anatsiriza cikalata catsopano, RFC 5424, cimene cinaika caka ndiponso kusiyana kwa nthawi pakati pa maiko. Zikalata ziwirizi ziri pa intaneti, ndipo mwana wa sukulu wa ku Katete angaziwerenge kwaulere monga katswiri wa ku London. Komabe makina ambiri akali kulemba mwa njira yakale ija, yopanda caka.