Bokosi la sipika ya besi m'motoka: lotseka kapena la ciboo?

Eni a mamotoka ambiri mu Lusaka ndi ku Chipata, makamaka a maminibasi ndi matakisi, amalipira ndalama zambiri pogula sipika yaikulu ya besi, koma ikafika nkhani ya bokosi loikamo sipikayo amangouza kalipentala kuti akhome lililonse lokwana m'buti. Apa ndi pamene pagona bvuto, pakuti mau amene khutu limamva amapangidwa ndi sipika pamodzi ndi bokosi lake.

Sipika ikamalira, mbale yake imakankha mpweya wa kutsogolo ndi kukoka wa kumbuyo. Popanda bokosi mpweya wa mbali ziwirizi umakumana ndipo besi imazimirira. Nchito ya bokosi ndiyo kulekanitsa mbalizi, ndipo mitundu yodziwika kwambiri ndi iwiri.

Woyamba ndi bokosi lotseka paliponse. Mpweya wotsekeredwa m'kati umagwira mbale ya sipika monga sipuling'i, kuibweza msanga pamalo pake. Njira imeneyi inachuka m'caka ca 1954 cifukwa ca Edgar Villchur wa ku America, amene anayambitsa kampani ya Acoustic Research. Bokosi lotere ndi laling'ono: sipika zambiri za mainchi 12 zimakhutira ndi malita 30 kufika 40. Mau ake ndi omveka bwino, kotero kuti m'nyimbo za kalindula kapena rumba munthu amasiyanitsa ng'oma ndi gitala ya besi. Ngakhale mmisiri aphonye muyeso pang'ono, siliononga kanthu. Limafuna amplifaya ya mphamvu, komabe m'kati mwa motoka ndi mocepa ndipo mumakweza mokha mau a pansi kwambiri.

Waciwiri ndi bokosi la ciboo, lokhala ndi paipi kapena mpata wotulukira mpweya. Albert Thuras wa ku Bell Laboratories anapatsidwa umwini wa njirayi m'caka ca 1932. Aliyense amene anauzirapo pakamwa pa botolo adziwa kuti botolo lililonse lili ndi liu lake. Comweconso kukula kwa bokosi ndi kutalika kwa paipi ndizo zimasankha liu limene bokosilo lidzakweza. Pafupi ndi liu limenelo phokoso limaonjezeka ndi madesibelo ngati atatu, zofanana ndi kuwirikiza kawiri mphamvu ya amplifaya. Ici ndico cimakopa anyamata a m'masiteshoni.

Koma phindu limeneli lili ndi mtengo wake. Bokosi la ciboo limadya malo, nthawi zina kuwirikiza kawiri lotseka, ndipo wa takisi wonyamula masaka ndi masutukesi a anthu ayenera kuganizira zimenezi. Coopsa ceni-ceni ndi cakuti nyimbo ikatsika kupitirira liu la bokosilo, mpweya sugwiranso mbale ya sipika. Imangokupiza yokha mpaka kung'ambika. Cifukwa cake pamafunika amplifaya yokhala ndi sefa yochinga mau otsikitsitsa. Cingwe cacikulu ca gitala ya besi ya zingwe zinai cimalira pa ma hertz 41, motero amisiri odziwa amacuna bokosi pakati pa 30 ndi 35. Wongodula paipi ya madzi mwa ciyerekezo kawiri-kawiri amaifupikitsa, ndipo nyimbo zonse zimangomveka "du-du-du" pa liu limodzi. Paipi yopapatiza nayo imaliza mluzu.

Kulinso bokosi lachitatu, lobisa sipika yonse m'kati mwa zipinda ziwiri. Limasokosa kwambiri koma pa mau owerengeka cabe, ndipo sipika ikayamba kubvutika mwini wake samva msanga. Woyamba kumene alisiye.

Kuyerekeza kunatha kale-kale. Neville Thiele wa ku Australia anafalitsa masamu a mabokosi a sipika m'caka ca 1961, ndipo Richard Small wa pa University of Sydney anawapititsa patsogolo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970. Manambala awo amalembedwa pa pepala lobwera ndi sipika yatsopano, limene ambiri amataya pamodzi ndi katoni. Nambala yochedwa Qts ikakhala pansi pa 0.4 sipikayo kawiri-kawiri imayenera bokosi la ciboo, ikapitirira 0.5 imayenera lotseka. Opanga ambiri amalembanso malita a bokosi ndi muyeso wa paipi. Wogula sipika ya salaula yopanda pepala acita bwino kusankha lotseka.

Popita kwa kalipentala, kaya ku Kalingalinga kapena kwina, mwini motoka apite ndi miyeso yolembedwa. Malita amapezeka pocurukitsa utali, mulifupi ndi msinkhu wa m'kati mwa bokosi m'masentimita, ndi kugawa ndi 1,000. Thabwa likhale la MDF kapena pulaiwudi yokhuthala mamilimita 18, lomata ndi guluu ndi kumanga ndi masikuluu, popanda mpata wodontha mpweya m'mfundo zake. Likatha limangiriridwe zolimba ku motoka, pakuti bokosi lolemera lotere likauluka pa ngozi lingathe kupweteka okwera.