Kusudzula: Za Mkazi Wamasiye M'midzi ya ku Malingunde

M'chinenero chathu muli mawu ena amene mwana wa sukulu angathe kuwalemba bwino pabolodi, koma osadziwa kulemera kwake. Amodzi mwa mawu otere ndi akuti kusudzula. Timawamva pa milandu ya ukwati, pamene mwamuna ndi mkazi alekana ali moyo. Timawamvanso pa maliro, pamene imfa ndiyo yawalekanitsa. Pano tilongosola tanthauzo lachiwirili monga lidziwika m'midzi ya Achewa ya ku Malingunde, Mitundu ndi Nathenje, pakuti ambiri a inu mudzaphunzitsa ana a akazi amasiye.

Mwamuna akamwalira, ukwati sutha tsiku lomwelo ayi. Mkazi akhala m'nyumba ya siwa pamodzi ndi amayi anzake, amuna ali panja pamoto, kufikira adzukulu ataika mtembo m'manda. Patapita masiku owerengeka abale ameta maliro koyamba, ndipo alendo abalalika. Apa ndi pamene chisoni chenicheni chiyamba, pakuti olira naye abwerera ku minda yawo, iye natsala ndi khasu lopanda mwini ndi ana ofunsa za atate awo. Mwa mwambo wa makolo namfedwayo adika, ndiko kuti sayandikana ndi mwamuna aliyense, chifukwa akulu amati akatero adzadwalitsa abale matenda a mdulo. Kudikaku kutha pa kumeta kwachiwiri, patapita miyezi ingapo, kapena chaka chathunthu. Kawirikawiri kumetaku kuchitika anthu atakolola, popeza pafunika chimera cha mowa ndi ufa wodyetsa khamu. Kumene mwambo wa Nyau uli wolimba, Gule Wamkulu atuluka. Akhristu ambiri anasiya mowa ndi gule, nasankha mapemphero kapena kumanga chiliza, koma nyengo yodikira aisungabe.

Tsono ifika nthawi ya kusudzula. Ankhoswe a mbali ziwiri, amene anamanga ukwatiwo pachiyambi, akhala pansi kuti aumasule. Abale a malemu anena poyera kuti alibe naye mangawa mkaziyo, ndi kuti angathe kukwatiwanso, nampatsa kanthu kochepa monga chizindikiro. Ine ndiona nzeru yakuya m'menemu. Mkazi sasankha yekha tsiku loleka kulira. Mudzi wonse ndiwo umuikira malire, kotero kuti palibe womunena kuti anafulumira kuiwala mwamuna wake. Kale abale ankatha kusankha mmodzi wa iwo kuti alowe chokolo, ndiko kukwatira wamasiyeyo ndi kulera ana. Mwambo umenewu wazilala kwambiri chifikire matenda a Edzi, amene anapezeka koyamba m'Malawi mu 1985.

Koma mawu omwewa, kusudzula, kwa mkazi mmodzi ndi kumasulidwa, kwa wina ndi kupirikitsidwa. Chimene chisiyanitsa ndi mtundu wa ukwati. Pa chikamwini mwamuna ndiye anadza kudzakhala kwa mkazi. Munda ndi wa mbumba ya mkaziyo, ana ndi a mtundu wake, ndipo mlongo wake, mwini mbumba, ali pafupi. Wotereyu akasudzulidwa agonabe m'nyumba yake, nalima pomwe ankalima. Amene anyamuka pa chikamwini ndi mwamuna wofedwa mkazi, ndipo nthawi zina achoka ndi nkhwangwa ndi mphasa zokha.

Pa chitengwa, chimene chafala m'midzi yambiri ya Lilongwe, mkazi ndiye mlendo. Angakhale walima fodya, mtedza ndi chimanga zaka makumi awiri m'munda wa kuchimuna, tsiku losudzula angathe kuuzidwa kuti abwerere kwawo. Akafika kwawo apeza minda inagawidwa kale, pakuti anthu achuluka ndipo malo achepa. Choipa koposa ndi abale ena amene alanda malata, ngolo, ng'ombe ndi mbewu za m'nkhokwe, namati ndi chuma cha mbale wawo. Uku si kusudzula kwa makolo ayi. Ndi umbombo wobisala m'mawu abwino.

Mu 2011 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye, m'malo mwa lija la 1967. Lamuloli liika mkazi ndi ana patsogolo pamene munthu wamwalira wosasiya wilo. Lilola wamasiye kusunga katundu wa m'nyumba mwake. Ndipo liyesa kulanda chuma cha masiye mlandu umene munthu angamangidwe nawo. Wolandidwa angathe kudandaula kwa mfumu, kupolisi, kapena ku bwalo la milandu.

Chilungamo cha pabwalo chichedwa, koma njala sichedwa. Akazi ambiri adzuka mothandizidwa ndi amayi a Chigwirizano ndi mabungwe ena a mpingo, ndi banki mkhonde imene iwabwereka mpamba wogulitsira tomato kapena mandasi pa msika wa Mitundu. Mwana wamkulu ndiye asenza gawo lina la katunduyo: apita ku ganyu, alera ang'ono ake, najomba kusukulu. Chifukwa chake mwana wofedwa atate akayamba kusowa m'kalasi patapita miyezi chichitikire maliro, funsani ngati amake asudzulidwa. Ngati akubwerera kwawo, konzani msanga kalata yosamutsira mwanayo, kuti akalandiridwe pa sukulu ya kumeneko chaka chisanathe.