Sukulu ya Ana a Akavalo

Kavalo ndi nyama yofanana ndi bulu, koma iye ndi wamkulu ndipo athamanga kwambiri. Dzina lake lina ndi hachi. Anthu amakwera pa msana pake. Koma kavalo sabadwa wodziwa kunyamula munthu. Afunika kuphunzitsidwa, monga mmene ng'ombe iphunzirira kukoka khasu lolimira.

Ku dziko la America, mu mzinda wa Fort Collins, kuli yunivesiti yochedwa Colorado State University. Yunivesiti ndi sukulu ya maphunziro apamwamba. Kumeneko anyamata ndi atsikana ena aphunzira za akavalo. Alimi amabweretsa ana a akavalo ku sukuluyi, ndipo ophunzira amapatsidwa akavalowo kuti awaphunzitse.

Nchito imeneyi si yapafupi ai. Mwana wa kavalo amabadwa pakapita miyezi 11. Tsiku lomwelo amaimirira ndi kuyamba kuyenda. Koma ndi wamantha kwambiri. Akamva kanthu kuti khwasa, amafuna kuthawa. Maso ake ali m'mbali mwa mutu, conco aona malo aakulu, koma saona kumbuyo kwenikweni. Munthu akamudzidzimutsa kumbuyoko, kavalo angamumenye ndi mwendo ndi kumupweteka koopsa.

N'cifukwa cake ophunzira amayamba pang'onopang'ono. Coyamba, wophunzira amafika pafupi ndi phewa la kavalo, kumene kavaloyo amuona bwino. Amalankhula naye motsitsa mau ndi kumusisita pakhosi. Kavalo akazolowera, amamuveka cingwe kumutu ndi kuyenda naye. Amamuphunzitsa kuima, kutembenuka ndi kubwerera m'mbuyo. Amamuphunzitsanso kunyamula mwendo kuti ayeretse ziboda zake.

Pambuyo pake amaika kansalu pa msana pa kavalo. Tsiku lina amaikapo cishalo, mpando wokhalapo munthu wokwera. Poyamba kavalo amadumphadumpha kuti acigwetse. Wophunzira samumenya ndipo sakuwa. Amangodikira mpaka kavaloyo ataima phee. Akacita bwino, amamusiya kuti apumule. Kavalo amadziwa kuti wacita cimene afuna. Mantha akatha, m'pamene wophunzira amakwera pa msana pake.

Ophunzira nawonso amaphunzira zambiri kwa kavalo. Amayang'ana makutu ake. Makutu akaloza kutsogolo, kavalo ali cheru. Akagonera kumbuyo, ndiye kuti wakwiya, ndipo munthu acenjere. Amayang'ananso mano kuti adziwe zaka zake. Aphunzira za cakudya cake, za matenda ake ndi mmene mafupa ake akulira.

Maphunziro akatha, kumakhala tsiku logulitsa akavalo. Anthu ambiri amabwera kudzaona. Amene wachula ndalama zambiri ndiye agula. Wophunzira amamva cisoni kusiyana ndi bwenzi lake. Koma amakondweranso, cifukwa kavalo wophunzitsidwa mofatsa saopa anthu ndipo amagwira bwino nchito kwa mwini wake watsopano.

Mafunso

1. Kodi dzina lina la kavalo ndi ciani?
2. N'cifukwa ciani si bwino kudzidzimutsa kavalo kumbuyo?
3. Kodi cishalo n'ciani?
4. Makutu a kavalo akagonera kumbuyo, atanthauza ciani?
5. Chulani nyama zina zimene anthu amaphunzitsa nchito.