Chitseko Chopuma: Chifukwa Chake Ana Saiwala The Haunting

Mwa mafilimu onena za nyumba za mizukwa, ndiko kuti nyumba zimene amati mizimu ya akufa imazunzamo amoyo, The Haunting ya mu 1963 ndi imodzi mwa amene anthu a ku America ndi ku Britain, omwe anaionera pa wailesi yakanema ali ana, amaikumbukabe atakula. Anaitsogolera ndi Robert Wise potengera buku la Shirley Jackson la mu 1959, ndipo kunja kwa nyumbayo anakujambula ku Ettington Park, m'dera la Warwickshire ku England.

Chodabwitsa n'chakuti mzukwa suoneka ngakhale kamodzi, popeza mantha onse amalowera m'makutu ndi m'mithunzi ya zithunzi zakuda ndi zoyera zokhazokha. Kugogoda kwamphamvu kumayendayenda kunja kwa chipinda usiku, chitseko chathabwa chimapindika ngati chikupuma, ndipo Eleanor, yemwe mbali yake anasewera Julie Harris, amagwiritsitsa dzanja mumdima poyesa kuti ndi la mnzake Theodora, koma nyale itayaka amapeza mnzakeyo ali patali, pabedi. Mwana safunikira kuonetsedwa chilombo, chifukwa maganizo ake amadzaza okha pamene maso alephera, ndipo chimene wadziumbira yekha mumtima chimamutsatira mpaka kuchipinda chake chogona.

Jan de Bont ataipanganso filimuyi mu 1999, anaonetsa mizukwa poyera pogwiritsa ntchito kompyuta, koma sinafike pa mphamvu ya yoyamba ija.