Thyolo ndi Minda ya Tiyi

Munthu wochokera ku Limbe, akatsata mseu wa ku Mulanje, apyola Bvumbwe. Ndipo atayenda makilomita ngati 40 afika pa mudzi wa boma, dzina lache Thyolo. Mudziwo suli waukuru. Pali nyumba za Boma, chipatala, msika, masitolo ndi masukulu. Koma ndiwo likulu la dziko lonse la Thyolo, limene lili m'Chigawo cha Kumwera cha Malawi. Azungu akale analemba dzinalo Cholo.

Dzikoli lichita malire ndi Mulanje kum'mawa, Chiradzulu ndi Blantyre kumpoto, Chikwawa kumadzulo, ndi Nsanje kumwera. Ndipo mtsinje wa Ruo ulilekanitsa ndi Mozambique. Pa kalembera wa chaka cha 2018 anapezamo anthu oposa 700,000, ambiri a iwo Alomwe ndi Amang'anja.

Thyolo ndi dziko la mapiri ndi zitunda. Kunsi kwache, ku chigwa cha Shire, dzuwa liotcha kolimba. Koma kumtunda kuno kuli kozizira, ndi mvula igwa yambiri. Ngakhale m'miyezi ya June ndi July kufika nkhungu ndi mvula yowaza, imene anthu ati chiperoni, chifukwa idzera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Nthaka yache ndi katondo wofiira. Zonsezi ndizo zimene tiyi afuna, pakuti mtengo wa tiyi sukondwera ndi chilala.

Tiyi anayamba kumlima ku Mulanje m'chaka cha 1891, pamene Henry Brown anabzala mbeu zochokera ku Mishoni ya Blantyre. Ku Thyolo anafika m'chaka cha 1908. Pambuyo pache minda inachuluka: Maclean Kay anayamba munda wa Satemwa mu 1923, ndipo panalinso minda ya Conforzi, Naming'omba ndi Makandi.

Mtengo wa tiyi, ukauleka, ukula nutalika ndithu. Chifukwa chache audulira kuti ulekeze m'chuuno mwa munthu. Nyengo ya dzinja, kuyambira December kufikira April, ndiyo ya nchito yaikuru. Othyola alawira m'mamawa, dengu lili kumsana, nathyola nsonga yokha ndi masamba awiri anthete, pakuti masamba okhwima sapatsa tiyi wokoma. Akadzaza dengu apita nalo ku sikelo, ndipo kalaliki alemba kulemera kwache. Ku fakitale masambawo ayamba awayanika kuti afote. Pamenepo makina awaduladula, ndipo awasiya kanthawi kufikira asanduka ofiirira. Potsiriza awaumitsa ndi mpweya wamoto. Tiyi wina amgulitsa pa msika wa ku Limbe, ndipo wambiri apita maiko akutali, monga Britain ndi South Africa.

Koma minda yokongolayi ili ndi mbiri yowawa. M'zaka zoyamba za ulamuliro wa Angerezi, Harry Johnston anapatsa Azungu makalata otsimikiza kuti malo akuru, amene anawatenga kwa mafumu ndi nsaru kapena mikanda, ndi ao. Alomwe ambiri, pothawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, anadzakhala pa malowo. Ndipo mwini munda anawakakamiza kumgwirira nchito m'malo mwa kulipira malo. Ichi ndicho thangata. Kale mau awa anatanthauza kuthandizana kwa abale pa nchito ya kumunda. Tsopano anasanduka dzina la goli, popeza munthu analimira mwini malo pa nyengo yomweyo imene munda wache unafuna khasu. Mu August 1953 anthu a ku Thyolo anauka ndi mkwiyo, ndipo ena anaphedwa ndi mfuti za Boma. Thangata anatha ndi lamulo la chaka cha 1962, ndipo mu 1967 Boma linakhazika bungwe lothandiza alimi ang'ono kulima tiyi m'minda yao.

Ngakhale kuli tero, kusowa kwa malo sikunathe. Anthu achuluka, koma nthaka sichuluka. Banja lambiri lili ndi kamunda kosakwanira chimanga cha chaka chonse, pamene tiyi wayamba pa malire peni peni pa mudzi. Pofuna polima, anthu anakwera phiri la Thyolo nadula nkhalango yache yambiri. Motero mvula ikokolola nthaka, ndi kambalame kosowa, kamene ophunzira anakapatsa dzina la phirilo, katsala m'tinkhalango towerengeka.

Dzikoli lili ndi zina zomveka. Ku Makwasa kuli Mishoni ya Malamulo, imene inayamba mu 1902, pamodzi ndi chipatala chache. Ku Luchenza kunapita njanje yoyamba ya dziko lino, imene inafika ku Blantyre mu 1908. Bingu wa Mutharika, amene analamulira Malawi kuyambira 2004 kufikira 2012, anabadwira ku Thyolo. Ndipo pa Ndata, pamene anaikidwa, pali sukulu yaikuru ya sayansi imene inatsegulidwa mu 2014. Kumeneko ana a othyola tiyi angathe kuphunzira za nthaka, madzi ndi mitengo, zimene dziko lao lizisowa koposa.