Chenjezo la ngozi limachokera kuti, nanga limafika bwanji ku Dzaleka?

Chaka chilichonse, mvula isanayambe, nthambi yoona zanyengo, yomwe likulu lake lili ku Blantyre, imatulutsa ulosi wa momwe dzinja lidzakhalire. Akatswiri ake amayamba akumana kaye ndi anzawo a m'maiko a SADC kuunika kutentha kwa nyanja zikuluzikulu ndi kayendedwe ka mphepo, kenako amadzauphwanya ulosiwo boma ndi boma. Dowa amakhala ndi wake, Ntchisi ndi wake: mvula yobzalira ingayambe liti, ichuluka kapena ichepa, ng'amba ingagwe mwezi uti. Ulosiwu umafika ku khonsolo ndi kwa alangizi a zaulimi, ndipo si chinsinsi cha mabwana. Mlimi aliyense akhoza kuufunsa.

Dzinja likalowa, nthambiyi imalengeza ulosi wa tsiku ndi tsiku komanso machenjezo apadera a mvula yamphamvu, mphenzi ndi namondwe. Kuyambira mu 2017, pulojekiti ya M-CLIMES, yomwe boma linayendetsa ndi UNDP pogwiritsa ntchito ndalama za Green Climate Fund, inaonjezera makina oyeza nyengo, odziwitsa za mphenzi ndi oyeza kuchuluka kwa madzi m'mitsinje. Kumbali ya makina tasunthako ndithu.

Komatu a zanyengo amangonena zomwe zikubwera. Kukonzekera ndi kuthandiza ovutika ndi ntchito ya nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, DoDMA. Lamulo loyamba pa nkhaniyi linapangidwa mu 1991, madzi osakanikirana ndi miyala atatsika m'phiri n'kupha anthu mazanamazana ku Phalombe. Lamulolo linkayang'ana kwambiri kugawa thandizo zinthu zitavuta kale. Mu 2023, namondwe wa Freddy atangodutsa, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano lomwe limatsindika kupewa ndi kukonzekera.

Pansi pa DoDMA pali makomiti: ya boma lonse yomwe imagwira ntchito ndi DC, ya m'dera la mfumu yaikulu, ndi ya kumudzi kwa gulupu. Uthenga umayenda mbali ziwiri. Chenjezo limatsika kuchokera ku likulu kudzera pa wailesi, pa foni ndi m'makomitiwa mpaka kwa munthu wonyamula chimkuzamawu kapena woimba ng'oma pabwalo. Lipoti la zoonongeka limakwera: komiti ya kumudzi imalemba nyumba zomwe zasasuka ndi minda yomwe yakokoloka, n'kupereka ku komiti ya m'dera, iyo n'kupereka kwa DC, DC n'kutumiza ku DoDMA. Vuto likaposa mphamvu za khonsolo ndi nthambiyi, mtsogoleri wa dziko amalengeza kuti dera kapena dziko lili pa ngozi, ndipo pamenepo mpamene boma limapempha thandizo kwa maiko ndi mabungwe akunja. Komiti ya kumudzi ikagona, kapena ikalemba abale ake okhaokha, zonse za pamwambazi zimayenda ndi mndandanda wabodza.

Kuno ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi anthu ambiri amaganiza kuti nkhani ya machenjezo ndi ya ku Nsanje ndi Chikwawa, kumene Shire amasefukira. Ngozi zathu nzosiyana chabe. Kuno ndi mphepo yosasula madenga a masukulu ndi matchalitchi mvula yoyamba ikamagwa, matalala oboola fodya m'munda, mphenzi, ng'amba ya pakati pa dzinja chimanga chitamasula, mbozi zomwe zinavuta kwambiri mu 2017, ndi madzi othamanga m'zitunda zomwe mitengo yake inathera ku makala ndi ku zigafa. Zambiri mwa izi zimagwera mudzi umodzi kapena iwiri, sizimveka pa wailesi ya dziko lonse, choncho kulemba ndi kupereka lipoti msanga kumakhala kofunika koposa.

Ku Dzaleka nkhani imakula. Malo amenewa anali ndende ya andale m'nthawi ya Kamuzu Banda, ndipo anasanduka kampu ya othawa kwawo mu 1994. Anakonzedwa kuti azisunga anthu pafupifupi 12,000, koma lero muli anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Chiwerengero chinakweranso mu 2023 boma litalamula kuti othawa kwawo onse okhala m'matauni abwerere ku kampu. Nyumba zambiri nza zidina, zoyandikana mwakuti madzi otsika padenga la wina amagwera pakhoma la mnzake. Ngalande ikatsekeka ndi zinyalala, mvula ya ola limodzi imakwanira kunyowetsa maziko ndi kudzaza zimbudzi, ndipo aliyense wokumbukira kolera wa 2022 mpaka 2023, yemwe anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, akudziwa chomwe chimatsatira.

Kampuyi imayendetsedwa ndi nthambi ya boma yoona za othawa kwawo mothandizana ndi UNHCR, ndipo m'malo mwa nyakwawa muli atsogoleri a mazoni ndi a mitundu ya anthu. Apa pamabuka funso lomwe opanga ulosi ku Blantyre sangayankhe: chenjezo lolembedwa m'Chingelezi ndi m'Chichewa limufika bwanji mayi wolankhula Chiswahili kapena Kirundi chokha? Wailesi ya Yetu, yomwe imaulutsa mawu kuchokera mu kampu momwemo m'zilankhulo zingapo, ndi njira imodzi. Matchalitchi, mizikiti ndi magulu a pa WhatsApp ndi zina. Funso lina ndi lovuta kuposa apo. Munthu wa kumudzi akachenjezedwa amatha kukagona kwa mlongo wake kutsidya. Wothawa kwawo saloledwa kukhala kunja kwa kampu, ndiye malo othawirako ayenera kusankhidwa mkati momwemo mvula isanayambe.

Zimene zinachitika pa Freddy mu March 2023 zikuonetsa kulemera kwa mfundo imeneyi. A zanyengo anachenjeza kudakali masiku, komabe anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ambiri chifukwa cha matope ndi miyala yotsika m'mapiri ngati la Soche. Kumva kuti namondwe akubwera sikuuza munthu kuti nyumba yake ili m'njira ya madzi, kapena kuti athawire kuti. Nchifukwa chake ochita kafukufuku tsopano akulimbikitsa ulosi wonena zomwe mvula idzachite pamalo akutiakuti, komanso kutulutsa ndalama ngozi isanagwe. Kafukufuku wina ndi wa komiti ya MVAC, yomwe imayendera maboma chaka chilichonse anthu akakolola kukaunika za chakudya. Ng'amba ya El Niño itachititsa boma kulengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28 mu March 2024, komitiyi inapeza kuti anthu 5.7 miliyoni adzasowa chakudya, ndipo chimanga ndi ndalama zinagawidwa potengera chiwerengero chimenecho.

Musadikire mitambo yakuda. October asanathe, pitani kwa gulupu kapena kwa mtsogoleri wa zoni yanu mukafunse maina a anthu a m'komiti, ulosi wa boma lanu wa chaka chino, ndi malo omwe asankha kuti anthu adzathawireko. Mukapeza kuti komitiyo sinakumanepo, kadandauleni ku ofesi ya DC kapena ya woyang'anira kampu.